Kagetsi Kachikasu Panjira ya Mkwatibwi

Kagetsi kanayaka titangotuluka m'tauni ya Sa Pa, kachikasu, kaja kochenjeza kuti mpweya wachepa m'matayala.

Kumbuyo kunali mwana wanga Ngan m'diresi yake yofiira ya ukwati, ndi mkamwini wanga Toan. Pambali panga panakhala mayi Luu, azakhali ake a Toan, amene anabwera kudzatenga mkwatibwi. Woombeza wawo anali atalamula kuti Ngan alowe pakhomo la mwamuna wake ku Tam Duong naini isanakwane, ndipo galimoto ya mkwatibwi siima panjira. Mayiwo anali atakananso kuti ndiyendetse ndine. Bambo woferedwa mkazi ngati ine, iwo amati, amabwera ndi mphepo yake paukwati. Ndinawayankha kuti mwana ndi wanga, galimoto ndi yanganso.

"Chayakacho n'chiyani?" anafunsa mayi Luu.

"Matayala."

"Aa, n'chisanu chabe, azakhali," anatero Toan. "Yanga imatero m'mawa uliwonse mwezi uno. Likatuluka dzuwa kamazima kokha."

Sananame. Ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma pantchito, ndipo ndimadziwa kuti mpweya ukazizidwa umanyala. Galimoto inagona panja, galasi tinachita kulipala kuchotsa madzi oundana. Koma kagetsi ka galimoto yanga sikanena kuti ndi tayala liti, kaya n'chifukwa chiyani. Kutsogolo kunali phiri la O Quy Ho, makona okhaokha m'chifunga, phompho kumbali.

Ndikaima, mayi Luu apambana, ndipo Ngan azikamvera nkhaniyi kuukwati moyo wake wonse. Ndinaganiza zimenezo mpaka pamalo ena otakasuka pamene amayi amaotcha chimanga ndi mazira. Pamenepo ndinakhotetsa n'kuzimitsa injini, ndipo galimoto za abale zimene zinkatitsatira nazo zinaima.

"Bambo a Ngan, mwatani? Ndinanena ine! Si izi?"

"Munanenadi, mayi. Musatsike, kukuzizira."

Ndinatenga geji yoyezera mpweya m'kabokosi. Matayala atatu anali atatsika pang'ono, mofanana: chisanu chimenecho. Lachinayi, lakumbuyo kumanja, linali pansi kwambiri. Ndinaliyendetsa dzanja mpaka chala chinagunda mutu wa msomali. Nditadonthezapo tiyi wa m'fulasiki, panatuluka tithovu.

Toan anagwada pambali panga, anayang'ana, kenaka anavula jekete la suti.

"Amwene, jeke mumaidziwa, kapena mumangodziwa zoti dzuwa lituluka?"

"Nditsogolereni, apongozi. Lero ndine mwana wa fomu wani."

Manati anali atauma gwa. Zala zanga sizinkamva sipanala, moti ndinachita kupondapo ndi phazi. Mayi wina wootcha chimanga anatikuwira kuti, "Akwati, mukapaka girisi malayawo akakubwezani pachipata!" Ngan anatsitsa galasi n'kuseka, koyamba m'mawa umenewo.

Mayi Luu anatsika, atafunda shawelo mpaka m'makutu. Anawerama, nayang'anitsitsa msomali uja. Kenaka anapita m'mphepete mwa msewu, pamene chifunga chinali chitang'ambika pang'ono, nasuzumira pansi. Anakhalitsa pamenepo. Atabwerako anatulutsa foni n'kuimbira woombeza uja.

"Aphunzitsi, ndine Luu. Tayang'ananinso bwinobwino m'buku mwanumo. Ayi, sindikufunsa za naini. Ndati muyang'anenso."

Ife tinamanga sipeya, ndipo matayala atatu aja ndinawapopa ndi pampu ya phazi, Toan akuwerenga geji. Pamene tinkamaliza, naini inali itatsala pang'ono, ulendo usanafike ndi pakati pomwe.

Tonse titalowa, mayi Luu anakonza shawelo yawo.

"Akuti leveni ndiye nthawi yabwino koposa. Poyamba paja anasokoneza chaka chimene Ngan anabadwa." Anandiyang'ana cham'mbali. "Ndiye musatithamangitse, bambo a Ngan. Tikafika msanga tikaima pachipata ngati ogulitsa masamba."

Ndinaliza injini. Kagetsi kanakhalabe choyaka kwa kamtunda ndithu, kenaka kanazima. Tinatsika phirilo pa giya yachiwiri, galimoto za abale zili m'mbuyo mwathu mndandanda, ndipo palibe amene anaimba hutala.