Magazi Oyerekezera

Pali chinthu chimodzi chimene mtsikana womata mapepala pa timabotolo sanauzepo munthu: bambo ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu, ndipo amene ankawachapira zofunda miyezi yonse ija anali iyeyo. Kusukulu anangoti kunali kuthamanga kwa magazi. Anzake akanadziwa, sakanamweranso naye kapu imodzi.

Ntchito ya mu labotale anaipeza atangomaliza sukulu. Anthu ankamutcha Achete. Masana ankadyera yekha pa masitepe akuseri, pomwe pankangomveka kulira kwa mafiriji.

Tsiku lina mayi woyeza magazi anamukodola. Ankafuna magazi a munthu amene sanakhalepo ndi wodwala chifuwachi, oti aziyerekezera ndi a odwala.

"Kwanu palibe anadwalapo TB, eti mwanawe?"

"Palibe," anayankha akuyang'ana pansi, n'kupereka mkono. Aka kanali koyamba kuti munthu amufune pamalopo.

Mu firiji munali timabotolo khumi ta mankhwala oyezera, timene anatidikira theka la chaka. Mankhwalawo ukawadonthezera m'magazi a munthu amene thupi lake linakumanapo ndi kachilomboka, pa kambale koyezera pamatuluka timadontho. Kambale ka mtsikanayu kanayenera kukhala koyera. Kanatuluka mathothomathotho. Anabwereza kawiri, chimodzimodzi.

"Mankhwalawa alowa zoipa," anatero mkulu wa kafukufuku. "Alipo anawagwira mosasamala. Atayidwe, ndipo ndikufuna kalata yofotokoza."

Amene ankawatsegula anali mayi woyeza magazi yekha. Sabata imeneyo nthabwala za mayiwo zinauma. Mtsikanayo ankawazemba m'khonde, mtima ukumuluma.

Lachisanu m'mawa anawapeza atandanda timabotolo tonse khumi pa tebulo, chidebe chofiira chotayiramo chili pambali.

"Zaka makumi awiri ndili pano, lero ndakhala wosadziwa kusintha magolovesi," anatero mayiwo osatembenuka. "Bwerani kuno, Achete. Nditsegulireni chidebecho, poti manja angawa akuti ndi auve."

Mtsikanayo anagwira chivundikiro, koma m'malo mochikweza anachitsamira.

"Amayi, musataye. Abwezereni mu firiji."

"Wati chiyani? Kweza mawu, makutu angawa ndi akale."

"Mankhwalawo ali bwinobwino. Ndinakunamizani tsiku lija. Bambo anga anamwalira ndi TB. Tinkagona chipinda chimodzi."