Kachitseko Kolira pa Chitofu cha Ezra

Langford anali atagwada patsogolo pa chitofu, matako m'mwamba, akuuzira moto mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Utsi unali utadzaza kale nyumba yonse, ndipo amayi a mpingo amene anatsala kudzakhazika anamfedwa anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ati kukaona ngati madzi atha mu dilamu.

Ednah, mkazi wamasiyeyo, anakhala pamphasa pakona atatseka pakamwa ndi chitenje. Linali tsiku lachitatu chiikireni mwamuna wake Ezra m'manda, tsiku logawa katundu. Langford, mkulu wake wa malemu wochokera ku Katete, anali atatenga kale njinga, jekete ndi nsapato zomuthina, ndipo Ednah anangomusiya. Koma tsopano bamboyo anafuna chitofu, ndipo apo mtima wa Ednah unakana.

Chitofucho chinali chachitsulo cholemera, cha chumuni chotulukira padenga. Ezra anachipeza pa famu ina ku Kasisi n'kubwera nacho pangolo, chaka chimene adokotala anauza Ednah kuti utsi wa pamafuwa udzamutsiriza ndi chifuwa. Chinali ndi titseko tiwiri ta mpweya totsetsereka, kena pansi kena pamwamba, ndipo pa titseko timeneti Ezra anali m'busa, dokotala ndi woweruza. Mkazi asakhudze, mwana asayandikire. Chiphunzitso chake chinali chimodzi, ndipo anachilalikira mpaka pamsika wa ku Chongwe: moto ndi wakuba, ukausiyira khomo uthawa, choncho ukangoyatsa tseka zonse.

Langford anali atamva ulaliki umenewu Khirisimasi iliyonse, ndipo mlandu wake anaumanga pomwepo. Anati mlamu wake sadziwa n'komwe kuyendetsa chitofucho, malemu ananena okha kwa zaka makumi awiri, ndiye kuchisiya pano n'kuchisiyira dzimbiri. Pofuna kuonetsa kuti luso lili m'magazi, anaika nkhuni, anathira pamwamba makala oumba a zitsononkho, anayatsa, n'kutseka titseko tonse ndii, monga mwa malemba a Ezra.

Abale inu, utsi wake! Nkhuku imene inali kuikira kuseri kwa kabati inatuluka ikudzandira.

Chimene sankadziwa Langford, ndi dziko lonse, n'chakuti chiphunzitso cha Ezra sichinayatsepo moto ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse mwamunayo ankayatsa, kutseka zonse, kupukuta m'manja monyadira, n'kunena kuti akukaona kukhola. Akangotuluka, Ednah ankathamangira pachitofu n'kutsegula titseko tonse. Moto ukagwira, ngati zili nkhuni ankatseka kapansi n'kusiya kapamwamba mpata wa chala chimodzi. Ngati ali makala, kapansi ndiko kankatsala kotsegula. Kapamwambako kankalira kuti kwiii, choncho iye ankatsokomola mwadala kuti kasamveke. Ezra ankabwera, kupeza moto uli lawilawi, n'kufunsa ngati waona mmene amuna amayatsira.

Zoti m'kholamo munalibe ng'ombe chifere zonse ndi matenda a nkhupakupa, Ednah ankadziwa bwino. Anatsimikiza kuti mdalayo amakabisala ndi fodya, ndipo anamusungira chinsinsi chake poti naye anali ndi chake.

Tsopano apa panali povuta. Akakhala chete, chitofu chikwera basi ya ku Katete, iye n'kubwerera ku mafuwa ndi chifuwa chake. Akadzuka, ndiye kuti wavula malemu pamaso pa abale ake, dothi la pamanda lisanaume. Anam'konda mwamuna wake wodzitamayo, ndipo zinamuwawa. Anatsokomola, ulendo uno mosanamizira, mpaka misozi. Mwana wake Clarissa, amene anabwera kuchokera ku Lusaka, anam'sisita pamsana n'kumunong'oneza kuti manyazi anapha lambe.

Ednah anadzuka, ngakhale mkazi wamasiye sayenera kumangodzukadzuka.

"Ba mulamu, nipempha musendereko pang'ono."

Anatsegula titseko tonse. Kwiii. Moto unapuma ngati munthu wotuluka m'madzi, utsi unapeza njira yake m'chumuni, ndipo posakhalitsa malawi anaima. Anadikira makala agwire, anabweza kapamwamba, anasiya kapansi, n'kubwerera pamphasa pake. Amayi a mpingo anayamba kulowanso, madzi a mu dilamu atawaona mokwanira.

Langford anayang'ana moto, anayang'ana mlamu wake, maso ali psuu. Anafunsa kuti luso limeneli analitenga kuti.

"Ananiphunzitsa ni ba Ezra," anatero Ednah, nkhope ili pansi. Linali bodza lake lomaliza kwa mwamuna wake, ndipo analinena mwaulemu.

Langford anakhosomola, anati n'zoona mng'ono wake anali mphunzitsi wabwino, ndipo poganiza bwino chitsulo chotere a basi sangachilole. Anatuluka kukayesanso nsapato zija, kuti mwina zakula.

Atatsala awiri, Clarissa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ednah anam'dzudzula kuti pamaliro saseka chotero, ndipo asadzauze munthu, chifukwa atate ake anapita osadziwa kanthu.

"Osadziwa? Amama, mwaganiza kukhola anali kuchita chani?"

Ednah anayankha kuti fodya, nanga n'chiyani.

"Fodya analeka chaka chamene munadwala chifuwa. Anali kungoimirira kuseri kwa nyumba, mphepo kapena mvula, kuyembekeza kumva kwiii. Nikali mwana ananigwira dzanja kuti nisalowe. Akuti, 'Leka amako atsirize, ungawachititse manyazi.'"

Ednah anakumbukira kabotolo ka oilo kamene mwamunayo sankasiyana nako. Anathira oilo njinga, mahinjesi a chitseko, wilibala, ngakhale lumo la Ednah losokera. M'nyumba monsemo, chinthu chimodzi chokha ndicho chinalira zaka makumi awiri osadonthezedwa kanthu.

"Chitsiru cha munthu," anatero, misozi ikutsika, akuseka. "Kunisiya nikutsokomola zaka zonse izi."

Clarissa anatenga kabotolo kaja pawindo, ati tsopano kachitseko kapumule. Ednah anam'gwira dzanja, anamulanda kabotoloko n'kukabwezera pamalo pake. Kenako anagwada pachitofu, anasuntha kachitsekoko pang'onopang'ono mpaka kanalira, ndipo sanatsokomole. Anangotembenukira kukhomo kumene Ezra ankalowera.