Chitenje Chachisanu ndi Chiwiri

Ku Golomoti mungabise mimba miyezi isanu, mungabise mbuzi ya mnansi mpaka mutaidya, koma zochapa simungabise. Chingwe choyanikira zovala ndi wailesi ya mudzi, ndipo sichilira mabatire.

Kettie ankazidziwa bwino zimenezi pamene apongozi ake, a Nyamazizi, anayamba kutaya madzi osazindikira. Poyamba zinali za pogona pokha, kenaka ngakhale atangotsokomola. Tsono a Nyamazizi sanali nkhalamba wamba. Zaka makumi atatu anali namkungwi, moti theka la akazi a m'mudzimo anaphunzira kwa iwowo kusamba, kuchapa ndi kusamala m'nyumba. Mkazi akadutsa ndi thukuta, iwo ankangokwinya mphuno, mwini wakeyo n'kubwerera kubafa. Ndiye lero munthu wotere amveke kuti wanyowetsa mphasa?

Tsiku loyamba anamugwira Kettie padzanja. "Mwana wanga, izi zikatuluka pakhomo pano, mundikumbire manda ndili moyo. Ngakhale Geoffrey asamve."

Geoffrey, mwamuna wa Kettie, anali ku Joni chaka chachitatu, kumene ankasamala agalu a anthu ena, kwawo n'kumanena kuti ali pakampani. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Monalisa, anali kusukulu yogonera komweko. Pakhomo panatsala anthu awiri, chinsinsicho n'kukhala wachitatu.

Kettie ntchitoyo anaiphunzira yekha, ndipo anaidziwa kuposa anamwino. Pansi pa chofunda anayalapo pepala lakuda lofolerera denga. M'mawa uliwonse ankatenthetsa madzi, n'kuwasambitsa amayiwo, kuwapukuta mpaka m'makwinya monse, kenaka kuwadzoza vaselini kuti khungu lisasupuke. Zonyowa ankazinyika kaye m'madzi a phulusa, onga chidulo cha therere, kenaka sopo, potsukuluza n'kufinyiramo ndimu. Pansi ankakolopa, zenera n'kutsekula, makoko a mandimu n'kuponya pamakala kuti utsi uzungulire chipinda. Kutentha kwa kuchigwa kuno sikusunga chinsinsi cha munthu: ukangochedwa ola limodzi, ntchentche zayamba kale kuitana abale awo.

Anadziwanso nthawi yake. Amayiwo akamwa tiyi kapena thobwa, pasanathe ola ayenera kuperekezedwa kuseri. Pakakhala alendo, Kettie ankangoti, "Amayi, nthawi ya mankhwala yakwana," n'kuwagwira mkono. Alendo ankatsala akuyamika: "Koma mtengwa uyu, mankhwala saphonya!"

Vuto linali pa nsalu. Zitenje za a Nyamazizi ankazidziwa aliyense: ziwiri za mpingo, china cha chipani chimene chinaluza kalekale, china cha nkhanga. Zikanaoneka pachingwe tsiku ndi tsiku, wailesi ikanaulutsa. Matewera a akuluakulu analipo pasitolo ina kumsika, koma mwini sitoloyo pakamwa pake panalibe chitseko. Choncho Kettie anatsegula sutikesi yake, n'kutulutsa zitenje zake zonse zisanu ndi ziwiri, ngakhale chofiira chija anavala pa chinkhoswe. Zina ankaziyala pogona, zina ankazipinda n'kuwamangira amayiwo m'kati mwa zovala.

Nzeru imeneyi inagwira ntchito mopitirira muyeso. Za a Nyamazizi palibe anaziganizira. Koma azimayi a pamjigo amadziwa masamu ngakhale sanafike sitandade faifi.

"Zitenje zinayi m'mawa uliwonse."

"Ndi pepala lakuda."

"Khanda m'nyumbamo mulibe."

"Ndowa zisanu ndi imodzi dzuwa lisanakwere. Kaya amathirira dimba kuchipinda?"

Pofika mwezi wa khumi yankho linali litapezeka: Kettie amakodza pogona. Ena anati anavulala pobereka kuchipatala cha ku Mua kuja, zangotulukira lero. Ena anati anaba nkhuku yotsirika. Akafika pamjigo anzake ankasendera mbali ya mphepo. Kumpingo, benchi imene wakhalapo iye, mnzake ankayamba waipapasa ndi dzanja. Ku gulu lophika pamaliro anamuchotsa ku ndiwo, n'kumupatsa ntchito yotola nkhuni.

Kettie ankameza. Ankati m'mtima: bodza lilibe miyendo yaitali, ndipo amayi akudziwa chilungamo.

Bodzalo linakwera minibasi mpaka ku Salima, kumene kunakwatiwa Yvonne, mlongo wake wa Geoffrey. Yvonne ankabwera kwa amayi ake kawiri pachaka ndi buledi mmodzi ndi malangizo okwana thumba. Ulendo uno anafika Lachisanu, n'kununkhiza m'nyumba ngati galu wa apolisi, koma anangomva mandimu. Anatuluka n'kukaima pachingwe, manja m'chiuno. Madzulo asanafike anali ataimbira Geoffrey, ndipo ankhoswe anaitanidwa kuti abwere Lamlungu akaweruka kutchalitchi.

M'mawa wa Lamlungulo, Kettie akuwadzoza apongozi ake vaselini, anayankhula motsitsa. "Amayi, lero andiika pakati. Sindikuti muulule ayi. Mungonena kuti ndi bodza, basi. Mawu anu pamudzi pano satsutsika."

"Usaope mwana wanga," anatero a Nyamazizi. "Ndiyankhula ine."

Kettie anawamangira chitenje chofiira chija m'kati, pamwamba n'kuwaveka cha mpingo, n'kuwatulutsa akuwala ngati akupita kukalandira bishopu.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kuchimuna kunali a Amos, malume a Geoffrey, munthu amene mlandu wa nkhuku ankauyambira pa Adamu. Kuchikazi kunali a Silvesta, achimwene a Kettie, amene anapalasa njinga kuchokera ku Mtakataka ndipo maso awo anali pa chidebe cha thobwa. Geoffrey anamukhazika pampando: foni yotsamira ku botolo, nkhope yake ikuuma n'kusungunuka malinga ndi netiweki. Yvonne anagawa thobwa, amayi ake n'kuwadzazira kapu yaikulu. Kettie anatsegula pakamwa, koma anakumbukira kuti lero woimbidwa mlandu salamula makapu.

A Amos anazungulira mpaka dzuwa linasuntha mthunzi, kenaka anafika: akuti pakhomo pano pali matenda ochititsa manyazi, ndipo akuchimuna akuona kuti ndi bwino mtengwa apite kwawo akachire.

Kupita kukachira kwanu, aliyense amadziwa, ndi ulendo wopanda tikiti yobwerera.

"Bambo a Monalisa," anatero Kettie kuyang'ana foni ija, "zaka khumi ndi zitatu tagona mphasa imodzi. Munadzukapo mutanyowa?"

Foni inakhosomola. "Aaa, ine pamenepo... mwina zayamba nditachoka. Afunseni amayi, ndi amene ali nawe."

"Eya," anatero a Amos. "Achemwali, inu ndinu namkungwi, mumagona nyumba yomweyi. Tiuzeni."

Kettie anapumira m'mwamba. Apa ndiye pofikira.

A Nyamazizi anakonza duku lawo. Anayang'ana mchimwene wawo, anayang'ana Yvonne, anayang'ana kumpanda kumene mitu itatu ya azimayi inkanamizira kuthyola chisoso. Kettie yekha sanamuyang'ane.

"Ine," anatero, "mwanayu ndakhala ndikumubisira. Ndimati mwina zisintha."

Kumpanda kunamveka kakuseka kotsekedwa ndi dzanja. A Silvesta anaika kapu pansi n'kuweramitsa mutu ngati wodwalayo ndi iwo.

Kettie anatsitsa maso. Anayang'ana miyendo ya apongozi ake, yosalala, yopanda chilonda ngakhale chimodzi, ikunyezimira vaselini amene anadzoza yekha m'mawa womwewo. Kenaka anaona china: chala chachikulu cha kuphazi chikukumba dothi, mawondo akufinyana. Thobwa lija linali litafika. Ndipo tsopano a Nyamazizi anamuyang'ana, maso aja a masiku onse, akudikira mawu a mankhwala.

Mawuwo anafika pammero pa Kettie okha, mwa chizolowezi. Anawameza. Akanatha kungokhala phee mphindi khumi, mphasa ikanayankhula yokha pamaso pa ankhoswe ndi a chisoso omwe. Anaganiza zimenezo, ndipo zinamukomera. Koma kuonerera sakanatha.

Anaimirira. "Alamu," anatero kwa Yvonne, "amayi nthawi ya mankhwala yakwana. Aperekezeni kuseri. Msanga."

"Mankhwala kuseri?"

"Mukawapeza komweko."

Yvonne anawadzutsa amayi ake monyinyirika, koma atangowafikitsa pakona anabwerera, kuopa kuphonya nkhani. Anapeza Kettie akuanula zitenje pachingwe, chimodzichimodzi, akupinda pamaso pa onse.

"Poti matendawa ndi anga, ndikupita nawo kwathu," anatero Kettie. "Koma beseni, pepala lakuda ndi vaselini ndikusiyirani, mwina mudzalandira mlendo wodwala ngati ine. Zitenje zanga ndi zisanu ndi ziwiri. Apa ndatenga zisanu ndi chimodzi. Chofiira mudzanditumizire mukachapa."

"Chili kuti chofiiracho?" anafunsa Yvonne.

"Afunseni amayi. Ndi amene amandibisira."

Anakwera pakaliyala ya a Silvesta, sutikesi pamiyendo. Mumsewu wonse wa ku Mtakataka achimwene akewo ankangoti, "Ukanandiuza, mlongo wanga, kuli msing'anga wina ku Bwanje." Misozi ya Kettie inauma yokha ndi mphepo ya malole.

Lachitatu masana akusenda chinangwa, foni inalira. Anali Yvonne, koma mawu ake anali atachepa ngati a mwana wa sukulu.

"Alamu... muli bwanji kumeneko?"

"Ndikuchira."

Kenaka Yvonne anafunsa: "Kodi phulusa lija mumathira musanapake sopo kapena pambuyo? M'nyumba muno simukulowekamo. Ndiye amayi ayamba kufiira m'ntchafu, akulira ndikawakhudza."

Kettie anaika mpeni pansi. Mtima unamuuza kuti adule foni, koma khungu limenelo analisamala chaka chathunthu ngati munda wake.

"Phulusa poyamba. Muzitsukuluza kawiri, lisatsalire pansalu, limawotcha. Amayiwo madzi ofunda, osati otentha, ndipo musamapukute mokhula, muzingogunditsa nsalu. Akauma bwino ndiye vaselini. Zikapanda kusintha mawa, apititseni ku Mua. Thobwa la kapu yaikulu lija muleke."

"Zikomo alamu. Tsonotu... Geoffrey akuti mubwerere. Ine ndili ndi banja ku Salima, sindingakhalitse. Amayi nawonso akungotchula inu."

"Ndibwera. Koma uzani a Amos aitanenso anthu pansi pa mango paja, a chisoso aja asawaiwale. Amayi akonze mawu awo. Safunika kunena za iwo ayi. Angoti ananama."

"Aaa alamu, akatero anthu sadzafunsa kuti nanga zitenje zinali za chiyani? Taganizani, amayi ndi munthu wamkulu, dzina lawo pamudzi pano... Inu ndinu wachitsikana, anthu aiwala. Tizingonena kuti munapita kuchipatala, mwachira."

Kettie anaseka, kuseka kouma kumene kunathawitsa nkhuku pamtondo.

"Ndiye ndichire matenda a eni, ndibwere ndidzachapenso, anthu adzati ayambiranso? Nanga panopa mukuyanika za yani pachingwepo?"

"Zawo amayi akukana. Ndayamba kuyanika zanga."

"Zingati patsiku?"

"Zinayi."

"Ndi pepala lakuda?"

"Eee."

"Ndiye pamjigo muzipita molawirira, alamu, ndipo muziima mbali ya kumunsi kwa mphepo. Masamu awo sachedwa."

Chitenje chofiira chinafika Loweruka ndi kondakitala wa minibasi, chili m'jumbo. Uthenga wa pansi pa mango sunabwere nacho. Kettie anachinunkhiza, n'kupeza kuti Yvonne anaiwala ndimu. Anachichapanso yekha bwinobwino, n'kuchiyanika kutsogolo kwa nyumba ya amake, chokhachokha, kuti a ku Mtakataka awerenge mmene angathere.