Kathumba ka aDyna

ADyna anapita kuchipatala ku Blantyre chifukwa cha msana, msana womwe dengu la tiyi linaudya kwa zaka zambiri kuesiteti. Dokotala anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kamakina kounikira m'kati. Za msanawo sanapeze kanthu. Anapeza zina, kathumba ka madzi pa kapamba, kochepa ngati nzama.

"Si koopsa ayi, mayi," anatero dokotala. "Kungoti tizikayang'anira. Mudzabwerenso mvula ikatha tidzaone ngati kakula."

Mawu oti "si koopsa" aDyna anawasiya padepoti ya basi. Kwawo ku Milonde anafika ndi otsalawo.

Masiku amenewo mzimayi aliyense ankayenera kukayeserera magule a chipani, miyendo ifune isafune, ndipo wokana ankadziputira mavuto. ADyna anapita kwa Mayi Janeti, tcheya wa amayi a chipani, dzanja lili pamimba.

"Andipeza ndi kathumba, amayi. Ndikangodumpha basi, phuu!"

Mayi Janeti anawamasula. Anzawo akupsa ndi dzuwa pabwalo la sukulu, aDyna ankakhala pansi pa mango n'kumatafuna chinangwa, nkhope ataikwinya ngati amasiye.

Koma ng'oma ya tchopa ilibe chisoni. Paukwati wa mwana wa achemwali awo miyendo inawapereka, anavina mpaka duku kugwa. Nkhani inawapeza Mayi Janeti fumbi lisanakhazikike.

"Tsiku lokaunikitsalo tipitira limodzi," anatero atcheyawo. "Ndikakaone ndekha kathumba kodana ndi chipani koma kokonda tchopa."

Apa mantha anawagwira aDyna zenizeni. Kunamiza chipani sinali nkhani yoseka, ena anapita osabwerako pa zochepa kuposa zimenezi. Tsikulo litafika, m'basi aDyna anapemphera pemphero limene wodwala sapemphera, kuti kathumbako kakule ngakhale pang'ono.

Dokotala anaunika, naloza kadontho kakuda pagalasi la makinawo. "Si aka. Kali momwe kanalili. Tidzaonanenso chaka chamawa."

Mayi Janeti anasendera pafupi, maso ali pagalasipo. "Adokotala, munthu wa kathumba kotere angavine?"

ADyna anatsinzina.

"Angavine tsiku lonse," anayankha dokotala akupukuta m'manja.

Mayi Janeti anayang'ana kuchitseko, anayang'ana aDyna, kenako anadziyang'ana mawondo awo otupa.

"Makutu angawa akalamba, zimenezo sindinamve," anatero. Anamasula chitenje chawo cha chipani n'kuchipinda bwinobwino pampando. "Tasunthani pabedipo, aDyna. Adokotala, pakani mafutawo. Ine ndavina chiyambire ufulu. Funafunani mofatsa, kanga sikangalephere kupezeka."