Kulanti Wobiriwira

Ndinkatsuka makapu a tiyi pang'onopang'ono, ena kuwatsukanso ali oyera kale, chifukwa zenera la kukhitchini limayang'ana pamene bambo amaimika lole yawo. Boneti inali yotsegula kuyambira m'mawa. Loleyo ndi yakale, ya petulo, ndipo sabata yonseyo injini inkatentha ikangoyamba kukwera chitunda. Mawa lake bambo ankayenera kunyamula matabwa pa ulendo wautali, msewu wake wokhotakhota wa m'mapiri.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali injini. Anali maso a bambo. Ndinali nditaona momwe ankafufuzira makiyi ndi dzanja patebulo, makiyiwo ali patsogolo pawo pomwepo. Galasi lakumanzere la lole linali litasweka pa chipilala cha geti, chipilala chimene akhala akuchidutsa zaka zonsezi. Amayi nawo ankaona, ndikudziwa, koma m'nyumba mwathu nkhani ya maso inalibe woiyamba.

"Iwe Wachete, makapuwo ukuwasenda kodi?" bambo anaitana. "Mangirira galu, ubwere ndi beseni."

Galu tinkamumanga chifukwa kulanti, mankhwala amadzimadzi oziziritsa injini aja, amatsekemera, ndipo galu akanyambita amafa. Ndinamumangirira kumtengo, n'kukaika beseni pansi pa rediyeta. Bambo anagona chagada pa katoni n'kumasula paipi ya m'munsi osayang'ana n'komwe. Manja awo okha ankadziwa pamene pali chilichonse. Madzi anakhuthuka, ofiirira ndi dzimbiri, onunkha chitsulo.

Anabwezera paipi, ine ndinathira madzi oyera mpaka kudzaza. Analiza injini kuti itenthe, n'kuizimitsa, tinadikira kuti izizire.

"Chivundikiro ichi ukatsegula injini ili yamoto, nkhope imatsala pomwepo," anatero, monga amanenera nthawi zonse.

Tinakhuthulanso, tinathiranso. Ulendo wotsatira bambo anakokera beseni padzuwa, anaweramira pafupi kwambiri, n'kugwedeza mutu.

"Basi, ayera. Mbee!"

Madziwo anali ngati tiyi wothira mkaka wochepa. Pansi pa beseni panali tizidutswa ta dzimbiri. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi "eya" basi.

Nthawi yomweyo anafika amalume, mlongo wawo wa amayi, atanyamula zigubu ziwiri za kulanti zimene bambo anawatuma kusitolo. Amalume sangadutse chinthu osachiseka.

"Alamu, tiyi ameneyu mwafululira ndani? Mwaitana alendo osatiuza?"

Bambo anayang'ananso m'beseni. "Amenewo ndi oyamba aja," anatero. "Mwanayu sanataye."

Sanandiyang'ane. Ine ndinanyamula beseni kukakhuthulira m'chigubu cha madzi akuda, makutu anga akutentha. Tinatsukanso mpaka madzi anayeradi, amalume akusimba za wogulitsa kusitolo amene anawasokoneza mutu.

"Akuti wina ndi wa magalimoto atsopano, wina wa nkhalamba ngati yanuyi. Ine ndati bweretsani zonse, mwini nkhalamba akasankhe yekha. Chosatsegulacho ndibweza. Kapena tingosakaniza, alamu, ikhute bwino?"

"Mungandiphere galimoto," bambo anayankha. "Mitundu iwiriyi ikakumana imatha kuundana ngati phala, rediyeta n'kutsekeka. Yangayi chibadwire imamwa wobiriwira."

Zigubu ziwirizo zinali pa bampala, zofanana msinkhu, zoonekera m'kati. China chinali ndi madzi obiriwira, china ofiira motuwa. Bambo anazisuzumira. Ndinaona maso awo akuyenda uku ndi uku, akuphethira, kenako dzanja linagwira chofiira chija mosakayika n'komwe.

"Wobiriwira wake ndi ameneyu," anatero, n'kuyamba kupotokola chivundikiro.

Amalume anaphulika ndi kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Alamu! Ngati uyu ndi wobiriwira, ndiye kuti ine ndine mzungu!"

Dzanja la bambo linaima. Anaseka nawo, koma kuseka kwake kunachedwa kubwera.

"Ndimakuyesani, ndione ngati muli maso," anatero, n'kusiya chigubucho, kutenga chinacho. Anandipatsa ine. "Tawerenga apa, wasukulu iwe. Akuti tithire madzi ochuluka bwanji?"

Ndinawerenga. Anali wosasungunula, wofunika theka kulanti, theka madzi oyera. Zilembozo zinali zazikulu, zoti chaka chatha akanaziwerenga ali chiimire. Amayi anali atatulukira pakhomo, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana ine, kenako anayang'ana pansi.

Ndinasakaniza m'ndowa, n'kumathira kudzera m'botolo lodula pakati. Wina anatayikira pa injini. M'mutu mwanga munali msewu wa mawa uja, makona ake, phompho la m'mbali, matabwa olemera kumbuyo, ndi mwana wina aliyense amene angathamangire mpira pamsewu.

Bambo analiza injini, chivundikiro chili chotsegula kuti mpweya utuluke. Thovu linkaphulika pakamwa pa rediyeta. Atawonjezera kulanti n'kutseka, anakwera kutsogolo kukaona muvi wa kutentha. Anaweramira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda chiwongolero.

"Uli pakati, eti?" anafunsa, ngati akungocheza.

"Pakatikati," amalume anayankha. "Nkhalamba yachira. Mawa iuluka."

Bambo anazimitsa injini n'kutsika, akupukuta manja ndi sanza. Ine ndinawayandikira.

"Bambo."

"Eee, Wachete walankhula! Kugwa mvula lero," amalume anatero.

Sindinawayang'ane. Ndinayang'ana bambo.

"Bambo, simunkawayesa amalume. Simunaone. Muvi uja simunauonenso, n'chifukwa chake mwafunsa. Ine ndikuopa. Galimoto yachira, koma inu musayendetse mawa. Matabwawo apite ndi dalaivala wina, inu mupite nane kuchipatala akakuoneni maso. Mukandikalipira, ndikalipireni, koma ndanena."