Nyemba za m'chitini cha phulusa

Pa maliro a amayi, bambo anadya mbale ziwiri za nyemba, ndipo anthu anaona. Azakhali anandigunda ndi chigongono.

"Taona bambo ako," ananong'ona. "Dothi la pamanda silinaume, iwo akunyambita zala."

Ndinayang'ana pansi. Bambo si munthu wa chakudya. Moyo wawo wonse amayi ankachita kuwanyengerera ngati mwana wodwala, ndiye tsiku limeneli n'limene anasankha kukhala ndi njala.

Olira atabalalika, tinatsala atatu: bambo, ine, ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene anatsalira kuti atithandize kukonza m'nyumba. Mlamu anakulira m'tauni. Kwathu timamutchula kuti Aukhondo, chifukwa amatsuka ngakhale nthochi asanasende. Ndi munthu wabwino, ndipo amayi atagonekedwa m'chipatala iye ndiye ankawasambitsa.

Mitambo itayamba kusonkhana, bambo anatenga khasu n'kupita kukamunda ka kuseri kwa chulu. Kamunda kameneko kanali ka chinthu chimodzi chokha, nyemba za amayi. Zinali zazing'ono, zofiirira, iliyonse ili ndi kadontho koyera ngati diso. Amayi anabwera nazo kuchokera kwawo atakwatiwa, ndipo sindinazionepo pamsika uliwonse. Chaka chilichonse ankasankha zonenepa, n'kuzisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kuzitsekera m'chitini pansi pa bedi. Podzala, bambo ankatsogola kukumba mapando, amayi pambuyo kuponya mbewu ndi kudandaula.

Ndinagwada kusuzumira pansi pa bedi. Panali nsapato zawo za kutchalitchi basi. Chitinicho ndinachipeza panja pathandala, chovundikira, chikuwala kuposa tsiku limene chinagulidwa.

"Alamu, munali nyemba m'chitini ichi."

"Eee, zija zakuda bii ndi phulusa? Ndinavutika nazo, inu! Madzi ake ngati ndikuchapa makala. Ndiwo zinachepa tsiku la maliro, ndiye ndinatsuka n'kupatsa amayi ophika aja." Anasiya kupukuta mbale. "Bwanji?"

Amayi ophikawo akanaona phulusa akanadziwa. Koma zinawafika m'manja zili zoyera, zonyowa kale.

Nditamuuza, anakhala pansi pomwepo padothi, munthu amene sakhala pampando asanaupukute.

"Musawauze bambo," ndinatero. "Amayi ankagawira anthu. Wina ali nazo."

M'mawa ndinatenga njinga ya bambo, ndinawauza kuti ndikukathokoza amene anatithandiza pamaliro.

Mudzi wathu ndi waung'ono, woti ukayetsemula kumtunda, akumunsi amakufunsa za chimfine. Nyumba zambiri muli okalamba ndi zidzukulu, ena onse ali kutauni ngati ine. Sindinachedwe kuumaliza. Aliyense ankazikumbukira nyembazo, aliyense anaziyamikira, palibe amene anali nazo.

Ndinawoloka mtsinje kupita kwa mayi wogulitsa tomato, mnzawo wa amayi wa kukwaya.

"Zamaso zija? Mwana wanga, zinapita chaka cha chilala. Tinadya ndi mbewu yomwe. Ndinkati ndidzapemphanso kwa amayi ako." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Tinkangoti alipo."

Mawu amenewo ndinawamvanso kuchigayo, ndi kwa akazi a aphunzitsi opuma, amene munda wawo wonse tsopano ndi soya. Dera lonse linkasunga mbewu yake pansi pa bedi la amayi.

Tsiku lotsatira ndinakwera phiri kupita kwa azakhali, njinga ndikukankha. Iwo ndi amayi sankamwerana madzi, koma ndinkadziwa kuti analandirapo kambale.

"Nyemba za amayi ako zinkachedwa kupsa," anatero azakhali. "Nkhuni mtolo wathunthu. Zinatengera mwini wake, kuuma mutu."

"Ndiye munazitaya?"

"Ndani wanena zotaya?"

Analowa m'nyumba, ndinamva akusuntha zinthu, mtima wanga uli m'mwamba. Anatuluka ndi kabotolo. Atatsegula, munatuluka fungo la nkhungu ndi tizilombo takuda. Anakhuthulira m'dzanja langa. Nyemba iliyonse inali ndi maso ambiri kuposa amene inabadwa nawo, ndipo nditafinya imodzi inangosanduka ufa.

"Anandiuza kuti ndithire phulusa," anatero azakhali motsitsa mawu. "Ndinati asandiphunzitse ntchito." Kenako anayamba kulira, kulira kumene sanalire pamaliro.

Pobwerera ndinadzera pasitolo ya zaulimi pamsewu waukulu. Wogulitsa anamvetsera mpaka ndinamaliza kufotokoza za kadontho koyera.

"Achemwali, za makolo sitisunga. Tengani izi, zimacha msanga." Anandipatsa paketi ya nyemba zopakidwa mankhwala ofiira ngati milomo ya mkwatibwi. Ndinagula, poti kubwerera chimanjamanja kunandikanika.

Ndinafika dzuwa litapendeka, mphepo ikununkha mvula. Mlamu anandiyang'ana ali pakhomo la khitchini, ndinapukusa mutu, iye n'kubwerera mkati. Bambo anali kuseri kwa chulu. Mizere anali atamaliza, yowongoka bwino, ndipo anakhala pa mpini wa khasu.

"Wathokoza anthu ambiri," anatero. "Mpaka kuphiri."

"Bambo, nyemba za amayi..."

"Sunazipeze."

Ndinangoima, paketi ili kumbuyo ngati mwana wakuba shuga.

"Ndinazidziwa pa supuni yoyamba," anatero. "Khungu lake lija lolimba. Ndinayang'ana m'mbale, timaso tija tikundiyang'ana. Nyengo ino nyemba zimenezo zikanachokera kuti, kupatula pansi pa bedi?"

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani, zitapsa kale? Mwana uja anasambitsa amayi ako mpaka tsiku lomaliza. Ndimuliritse chifukwa cha ndiwo?" Anachotsa dothi pa khasu ndi chala. "Ndinangoti, poti n'zomaliza, ndidye. Ndinapempha mbale ina. Ndinaona azakhali ako akundiwerengera."

"Nanga mizereyi?"

"Ndinakuona ukupopa njinga. Ndinati mwina." Anayang'ana kumbuyo kwanga. "Wabisa chiyani?"

Ndinawapatsa paketi ija. Anaitembenuza, nawerenga zolembedwazo atazitalikitsa ndi maso, nang'amba pakona ndi mano. Mankhwala ofiira anawatsalira m'dzanja.

"Zodzola," anatero.

Mvula inagwa usiku wonse. M'mawa tinapita kukamunda kaja, bambo patsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi mbale. Tili pakati pa mzere woyamba, mlamu anafika, maso otupa, atavala nsapato zake zoyera.

"Bambo," anayamba.

"Vula nsapatozo, mwana wanga, uziwononga," anatero bambo osatembenuka. "Uzikwirira pambuyo pa mlamu wako. Ndi phazi, osati ndi dzanja."

Anavula, naponda matope.

Tinagwira ntchito osayankhula. Bambo ankati akakumba pang'ono n'kuima, mutu utapendekera kumbuyo, ngati akudikira kanthu. Poyamba ndinkaganiza kuti ndikuchedwa, ndiye ndinafulumira. Koma ankaimabe. Titafika kumapeto kwa mzere anatsamira khasu, nayang'ana kumene tachokera.

"Amayi ako akanati mapandowa atalikirana."

Ndinayang'ana. Anali atatalikiranadi, monga chaka chilichonse.

"Atalikirana, bambo," ndinatero.

"Eya," anatero, n'kuyamba mzere wachiwiri.