Nyimbo Katatu pa Tsiku

Ndinali pakati posita zovala za sabata yonse pamene aphunzitsi anaimba foni. Anati mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wadzitsekera m'chimbudzi mayeso ali mkati, akunjenjemera komanso kubanika. Ndinazimitsa nsimbi n'kuthamanga.

Ine ndinkati ndi matama chabe. Koma kuchipatala, anamwino oona za maganizo atacheza naye, anati ndi matenda a nkhawa, ndipo tikachedwa sukulu aisiya. Anamulemba m'gulu la achinyamata lokumana Lachitatu, komwe amaimba ng'oma, kupeka nyimbo ndi kuphunzira kupuma mofatsa. Anawonjezera kuti ngakhale kunyumba nyimbo zimathandiza.

Tsono ine mankhwala ndimawadziwa: katatu pa tsiku, wodwala akatha kudya. M'mawa ndinkamukhazika pampando n'kumuimbira ndekha nyimbo ziwiri za kwaya. Masana wailesi, mpaka mawindo kugwedezeka. Madzulo bambo ake ankatulutsa gitala ya nsambo zitatu, yomwe anaisiya tisanakwatirane, pa zifukwa zomveka. Mwana akafuna kuthawa ndinkamubweza, chifukwa mankhwala sasiyira panjira.

Sabata isanathe anayamba kudyera kuchipinda atakhoma chitseko, ndipo aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Nditawafotokozera anamwino aja, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mayi, nyimbozo akusankha ndani?"

"Ine. Nanga wodwala amasankha jakisoni?"

"Ameneyu amasankha. Inu yanu ndi kukhala naye pafupi, pakamwa potseka."

Sikophweka kwa munthu ngati ine, koma ndinayesa. Mwana anandiika hedifoni imodzi m'khutu, ina kwa iye. Nyimbo yake inali yopanda mawu, yoyenda ngati madzi odontha pampopi. Ndinafuna kufunsa kuti kodi iyamba nthawi yanji, koma ndinameza. Itatha, anandiuza kuti m'mawa uliwonse mtima umamugunda ngati akuthamangitsidwa, ndipo sankanena poopa kuti ndimukalipira. Ndinamumvetsera mpaka kumaliza osamudula mawu, zomwe bambo ake akuti sanazionepo.

Mwezi wotsatira analemba mayeso onse, osadzuka pampando mpaka belu kulira. Kugulu kuja akupitabe.

Makolo anzanga, nkhawa ya mwana si matama. Pitani naye kuchipatala msanga. Ndipo nyimbo musamumwetse: asankhe yekha, inu mumvetsere.

Basi, ndisiyeni ndisite. Nsimbi yatentha, ndipo mulu uwu sunafike ndi theka lomwe.